Kalata yotseguka: tipatseni m'mphepete moyendamo njinga pamsewu wa Mchinji

Kwa akuluakulu oyang'anira misewu, apolisi a pamsewu, makhansala a boma la Lilongwe, olemba anthu ntchito mumzinda, ndi mafumu onse a m'mbali mwa msewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji,

Zikomo akuluakulu. Ndikulemba m'malo mwa anzanga amene timapalasa njinga limodzi m'mawa uliwonse, kuchokera kumidzi ya cha ku Mpingu ndi Chitedze kupita kuntchito mumzinda wa Lilongwe. Gulu lathu lilibe dzina, lilibe ofesi, lilibe chidindo. Tikakhala tonse bwino timakwana anthu 23: amisiri a matabwa, omanga nyumba, alonda a masana, amayi osesa m'maofesi, mnyamata wowotcherera zitsulo, ndi ine amene ndimagulitsa m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Old Town. Anzanga andituma kuti ndilembe chifukwa ndine ndimasunga kope la gulu. Zimene tingathe kuchita tokha kuti tisafere pamsewu tachita, ndipo ndizifotokoza kuti muone kuti sitikubwera kwa inu titapinda manja. Chimene chatikanika ndi m'mphepete mwa phula.

Sitinayambe kupalasa chifukwa chokonda masewera ayi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa minibasi unakwera malipiro athu ali pomwepo. Munthu ukawerengera ulendo wopita ndi wobwerera masiku 6 pa sabata, unkapeza kuti ndalama ya ndiwo ndi sopo yathera panjira. Kenaka mafuta anasowa chakumapeto kwa 2024, ndipo tinkaima pasiteji kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kuswa mtengo, galimoto osabwera, ikabwera n'kukhala yodzaza kale. Njinga zinalipo m'makomo mwathu, zopitira kuchigayo, zonyamulira feteleza, zotengera odwala kuchipatala. Tinangozipukuta, kudonthezera oyilo pa tcheni, n'kuuyamba.

Poyamba aliyense ankanyamuka nthawi yake. Mwezi wa February, chimanga chitatalika mobisa munthu, anyamata awiri anatulukira m'munda n'kulanda mayi wina wa kwathu njinga, foni ndi mbatata imene anatenga kuti akadye masana. Patangopita masabata atatu, bambo wina wachikulire anagwera m'ngalande pothawa galimoto, ndipo anagona momwemo mpaka kunja kunayera. Anamupeza ndi ana a sukulu. Nkhaniyi tinaikambirana pamaliro ena m'mudzi, amuna titakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti adzukulu amalize kumanda. Bambo aja, mkono uli m'chikhakha, ndi amene anati kuyenda awiri si mantha. Lolemba lotsatira tinakumana anthu 7 pamjigo.

Mpaka lero pokumana pathu ndi pamjigo pomwepo, nthawi ya 4:45. Amene ali ndi foni zazikulu amalemberana pa WhatsApp, koma ambiri mwa ife tili ndi timafoni ta mabatani, ndiye tinagwirizana zofulashana: kamodzi ndiye kuti ndili m'njira, kawiri ndiye kuti lero musandidikire. Timadikira mphindi 10 basi. Tisananyamuke aliyense amafinya mabuleki ake mnzake akuona, ndipo njinga imene buleki yake sikugwira siilowa mumzere tsiku limenelo. Pamsewu wafumbi timayenda awiriawiri tikucheza za kumunda ndi za mpira. Tikangofika paphula kucheza kumatha, timalowa mzere umodzi, kumanzere.

Kutsogolo kumakhala munthu amene maenje onse a msewuwu amawadziwa pamtima. Akaona dzenje kapena mwala amaloza pansi ndi dzanja, wom'tsatira nayenso amaloza, mpaka chizindikiro chikafike kwa womaliza. Womalizayo timasankha munthu wamphamvu komanso wofatsa. Amavala jekete yonyezimira, ali ndi nyale yofiira pakeliyala ndi wezulo m'khosi, ndipo ntchito yake yaikulu ndi ya makutu. Akamva galimoto yaing'ono amaliza kamodzi. Akamva thiraki amaliza kawiri motalikitsa, ndipo tonse timagwiritsa mahandulo. Amayi ndi achikulire amakhala pakati, ndipo liwiro lathu ndi la munthu amene watopa kwambiri tsiku limenelo. Chinthu chimodzi tinachizindikira mochedwa: mzere wa njinga 20 ndi wautali kuposa thiraki yokoka ngolo, ndipo dalaivala sangaupitirire ulendo umodzi popanda kukhalitsa mbali ya magalimoto ochokera kutsogolo. Akaona kuti nthawi yam'thera amabwerera kumanzere, pakati pathu penipeni. Ndiye tsopano timadzigawa timagulu titatu, ndipo pakati pa kagulu ndi kanzake timasiya mpata woti galimoto n'kulowapo. Zimenezi palibe anatiphunzitsa, tinaziona titatsala pang'ono kutaya munthu.

Lachisanu lililonse timasonkha kangachepe m'kathumba ka gulu, monga amachitira amayi a banki m'khonde. M'menemo munachoka pampu, zigamba, solushoni, masipanala awiri, ndi nsalu zonyezimira zimene telala wa pa Mpingu anatisokerera kumbuyo kwa majekete. Ndikuuzeni za m'mawa wina wa July kuti muone phindu lake. Tayala lakumbuyo la mayi wina linaphwa tisanafike paphula, munga wa mthethe utalowa. Anthu atatu anatsala naye, enafe tinayenda pang'onopang'ono. Mnyamata wowotcherera uja analuma foni kuti tochi iwunikire manja ake, n'kutsegula tayala ndi masupuni awiri akale. Panalibe beseni la madzi lofufuzira pobooka, ndiye anapopa chubu pang'ono n'kumachiyendetsa pafupi ndi mlomo wake mpaka anamva kamphepo, anapakapo malovu, tithovu n'kutuluka. Anakwecha ndi kachidutswa ka sandipepa, anapaka solushoni, n'kumauzira kuti iume, zala zili gwa ndi chisanu. Anatipeza tisanadutse Chitedze, ndipo mayi aja analowa pageti nthawi isanakwane. Akanakhala okha, bwenzi atakankha njinga kubwerera kunyumba, tsiku lonse la ntchito litadulidwa.

Sindibisa zolakwa za ife opalasa njinga. Alipo amene amayenda usiku opanda chowala chilichonse, atavala zakuda. Alipo amene amayenda kumanja kuyang'anizana ndi magalimoto, ena amatulukira pamsewu osayang'ana, ena amakwera atamwa. M'gulu mwathu zimenezi tinaletsa, ndipo munthu mmodzi tinamuuza kuti apume kaye mwezi wathunthu chifukwa anabwera m'mawa akununkha kachasu. Anakwiya, koma anabwerera, ndipo lero ndi mmodzi mwa oliza wezulo.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Kuchokera ku Chitedze kufika mumzinda ndi makilomita pafupifupi 16, ndipo a ku Mpingu amawonjezerapo ena. Msewu umenewu, wa M12, si wa kumudzi kokha ayi. Ndi umene umapita ku Mchinji ndi kuchipata cha Mwami kulowa m'Zambia, ndiye mumayenda mathiraki a katundu wolemera, mabasi, maminibasi, njinga zamoto, ndipo nyengo ya fodya mumadzaza malole a mabelo opita kumsika ku Kanengo. Tonsefe timagawana phula lomwelo. M'malo ambiri phula linadyeka m'mbali, latsala ngati mano a sowo. Mvula imakokolola dothi la pambali chaka ndi chaka, matayala olemera n'kumabenthula phula likasowa chotsamira, ndipo pamatsala chitsika chimene pena chimafika kutalika kwa njerwa. Munthu wa m'galimoto sachiona chimenechi. Kwa ife ndi pamene pagona moyo.

Taganizani mmene zimakhalira. Uli paphula, kumanzere kwenikweni, tayala likuyenda pa kamzere kosaposa chikhatho. Wezulo walira kawiri. Kutsogolo kukubweranso basi, magetsi ake ali m'maso mwako, ndiye ukudziwa kuti thiraki ya kumbuyo ilibe kothawira. Hutala ikulira. Ukatsika chitsika chija mothamanga, tayala lakutsogolo limamira mumchenga kapena kugunda mwala, handulo n'kukupotokola. Ukapanda kutsika, mphepo ya thiraki imayamba yakukankhira kunja, kenaka pamene ngolo ikudutsa imakukokera mkati, kumatayala. Ndipo ukatsika bwinobwino mavuto sanathe, chifukwa pobwerera paphula tayala limakwechana ndi mano aja, limakana kukwera, njinga n'kugwera mbali ya msewu. Ulendo umodzi wopita kuntchito timatsika ndi kukwera chonchi kambirimbiri, mabuleki ali m'manja, mtima uli m'mwamba. Mwezi wa June dzuwa limatuluka 6 koloko itadutsa, ndipo pofika 5:30 madzulo limakhala litalowa kale, ndiye zonsezi timazichita mumdima popita, m'chisisira pobwerera.

Mnzathu mmodzi, womanga nyumba, bambo wa ana anayi, zinam'chitikira ndili pambuyo pake penipeni. Anatsika kuthawa thiraki monga tinagwirizana. Pobwerera paphula tayala linakana, iye anagwa chammbali, mutu uli pamsewu. Galimoto yaing'ono imene inkatsatira thirakiyo inamuphonya mutu koma inam'ponda phazi, ndipo sinaime. Ndinamva mafupa akulira. Tinamukokera pambali, mayi wina anavula chitenje n'kumanga pamene pankatuluka magazi, awiri anaima pamsewu ndi majekete onyezimira kuimitsa magalimoto, mpaka bambo wina wachifundo anamutenga pagalimoto yake kupita naye kuchipatala. Ali moyo chifukwa sanali yekha. Koma pamakwerero sakweranso, ndipo njinga yake inagulitsidwa kuti ana adye. Analibe mlandu uliwonse: anali ndi nyale, anali kumanzere, anali asanalawe kanthu. Chinamugwetsa ndi chitsika cha m'mphepete mwa phula.

Ndiye pempho lathu loyamba, limene likuposa ena onse, ndi ili: dzazani m'mphepete mwa msewu kuti mufanane ndi phula. Ngakhale ndi dothi la nsangalabwi lotsenderedwa bwino, lowonjezeredwa mvula ikatha chaka chilichonse, lingapulumutse anthu. Sitikunena za makilomita onse oposa 100 mpaka ku Mchinji tsiku limodzi. Yambani ndi chigawo chochokera pa Mpingu, kudutsa Chitedze, Chitipi ndi Njewa, mpaka pa raundabauti ya pafupi ndi Gateway Mall pamene msewu wa bypass umayambira, chifukwa m'menemo ndi mmene njinga zimachuluka kwambiri m'mawa. Ndipo tsiku limene msewuwu udzamangidwenso, chonde akatswiri ojambula mapulani adzaike phula la m'mbali lokwanira njinga yonyamula katundu, lolekanitsidwa ndi mzere wooneka bwino. Asanajambule, adzabwere adzawerenge njinga pakati pa 5 koloko ndi 7 koloko m'mawa. Adzapeza kuti si ife tokha: muli a kabaza, amayi a tomato ndi masamba opita kumsika, anyamata a nkhuku m'madengu, ana a sukulu, ndi alonda a usiku amene timakumana nawo akuweruka, tulo tili m'maso.

Palinso nkhani ya mahampu. Timayamika kuti alipo m'malo a malonda, chifukwa amachepetsa liwiro. Koma pamene hampu yathera m'mphepete mwa phula, madalaivala ena amaizemba podutsa pambali, matayala awiri ali padothi, ndipo pamenepo ndi pamene pali ife. Timapilala ting'onoting'ono ta simenti kumapeto kwa hampu, tosiya mpata wodutsa njinga yokha, tingathetse zimenezi. Chimodzimodzi maminibasi: akakhala opanda poima pawo amaima moyenda njinga, ndipo ife timakakamizika kulowa pakati pa msewu kuti tiwadutse.

Ndamvapo anthu ena akunena kuti opalasa njinga alibe pakamwa pa nkhani ya misewu chifukwa salipira kanthu. Ndikudziwa kuti chiyambire malamulo a 2006 amene anakhazikitsa bungwe loyang'anira misewu la Roads Authority ndi losunga ndalama za misewu la Roads Fund Administration, ndalama zambiri zokonzera misewu zimachokera ku msonkho wa pa mafuta, ndipo panawonjezeka za pa ma toll gate a Chingeni ndi Kalinyeke. N'zoona kuti njinga siimwa petulo. Koma msonkho wa mafutawo tonse timaulipira: uli mumtengo wa sopo, wa feteleza, wa simenti, wa chilichonse chimene chafika m'golosale pagalimoto. Tayala ndi chubu timagula zili ndi msonkho wake. Ndipo njinga siibenthula phula, siikumba dzenje, siifuna ndalama zakunja zogulira mafuta. Munthu aliyense amene wapalasa kupita kuntchito wachotsa mtolo paboma. Mayiko a mu United Nations, kuphatikizapo lathu, anagwirizana kuti pakati pa 2021 ndi 2030 imfa za pamsewu zichepe ndi theka. Sindikuona mmene zingathekere kuno ngati malo a oyenda pansi ndi a njinga saganiziridwa, pakuti ife ndi amene tilibe chitsulo chotitchinga.

Kwa inu apolisi a pamsewu, pempho lathu ndi la nthawi. Magalimoto amathamanga kwambiri m'mbandakucha, pamene madalaivala akuona ngati msewu uli wokha. Mukadzaima pachigawo chimenechi nthawi imeneyo, ngakhale masiku owerengeka pa mwezi, mbiri idzamveka msanga kwa madalaivala onse. Muwakumbutsenso zochepetsa magetsi akakumana ndi njinga, chifukwa munthu wothobwa m'maso saona dzenje. Ifenso musatilekerere. Wopanda chowala muimitseni, mumuuze chimene chikufunika. Koposa zonse, tumizani wapolisi mmodzi Loweruka lina masana adzatiphunzitse malamulo a pamsewu pabwalo la mfumu. Ambiri mwa ife tinaphunzira kupalasa tili ana pabwalo la mpira, ndipo palibe anatifotokozerapo za zikwangwani kapena mmene njinga iyenera kulowera pa raundabauti. Tidzaitana ndi a kabaza omwe, ndipo bwalo lidzadzaza.

Kwa mabwana athu a kuntchito ndinena mwachidule. Munthu amene wapalasa maola awiri amafika ali thukuta ndi fumbi lokhalokha. Mpopi umodzi kuseri ndi kachipinda kosinthira zovala zingamubwezere ulemu wake asanaime pamaso pa makasitomala. Tipatseninso chitsulo chomangirirapo njinga mkati mwa mpanda. Mnzathu wina anauzidwa kuti njinga zimanyansitsa pakhomo pa kampani, azisiya panja. Inabedwa sabata yomweyo. Ndipo nyengo yachisanu, ngati ntchito ikulola, mutiweruse dzuwa lisanalowe, ngakhale titayamba molawirira kuti maola akwane.

Ndimalize ndi inu a Gogo Chalo, magulupu, anyakwawa ndi makhansala, chifukwa ulendo wathu umayambira m'manja mwanu, pamsewu wafumbi, phula tisanalione. Chaka chilichonse mizere ya m'minda imalowerera msewu pang'onopang'ono, ndipo ena amatseka ngalande kuti madzi asalowe m'munda mwawo. Madziwo amasandutsa msewu kukhala mtsinje, ndipo January akamafika timasenza njinga paphewa, matope atatseka mudigadi. Owumba njerwa nawonso akukumba maenje pafupi kwambiri ndi njira, moti usiku munthu n'kugweramo. Mawu anu amamveka kuposa athu. Lankhulani pamisonkhano ya makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) kuti malire a msewu alemekezedwe, tchire la m'makona lizitchetchedwa mvula ikayamba, ndipo achitetezo a m'mudzi aziyendera njira ya pamjigo m'miyezi imene chimanga chili chachitali. Ntchito za mthandizi zikabwera, misewu yotulukira kuphula muziikumbukira poyamba, pakuti ndi yomweyo imene amayi oyembekezera amadutsamo popita kuchipatala.

Pali malo amodzi amene ndikufuna kuwatchula mwapadera. Pa dambo limene timawoloka tisanafike paphula pali kalavati amene mbali yake imodzi inagumuka mvula yathayi. Patsala kanjira kokwana tayala limodzi, ndipo m'mawa uliwonse timatsika n'kuwoloka mmodzimmodzi, wa tochi ataima pakati. Mvula yoyamba ikagwa mwamphamvu patsala pamenepo pachoka, ndipo midzi yonse ya kutsidya idzazungulira njira yaitali imene amayi ndi achikulire athu sangaikwanitse asanapite kuntchito. Tagwirizana kuti Loweruka lililonse masana, tikaweruka, tizipita ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala. Omanga nyumba athu ati ntchito ya manja agwira ulere, ndipo miyala tayamba kale kututa pangolo ya mkulu wina wa m'mudzi. Chimene tilibe ndi simenti, paipi imodzi ya konkire, ndi munthu wodziwa za misewu wochokera kukhonsolo woti adzatiuze kuya kwake ndi koyenera kulozetsa madzi, kuti tisamange chinthu choti chidzakokoloke kapena kuwononga dimba la wina. Takugwirani mwendo, a khansala, mutitumizire munthu ameneyo October asanathe. Mfumu yathu ikudziwa nyumba imene ndimakhala, ndipo kope la gulu lili ndi mayina a onse amene alonjeza kubwera ndi khasu.

Ine wanu,
Wosunga kope la opalasa njinga a pamjigo, msewu wa Mchinji